Mphongo Yokalamba ya ku Oodi

Nditapuma pa ntchito ya unamwino ndinkaganiza kuti nkhani za kutsegula m'mimba ndatsanzikana nazo. Zaka zambiri ndinali ku wodi ya ana, poyamba kwathu ku Malawi, kenako kuno ku Botswana, mu Gaborone muno. Ndinafika poti mwana akangolowa pakhomo la wodi, mayi ake asanayankhule n'komwe, ndinkakhala nditaona kale kuti madzi m'thupi mwake atha. Sindinkadziwa kuti luso limeneli lidzanditsatira mpaka kukhola la nkhumba.

Zoweta nkhumbazo anayambitsa ndi amuna anga. Iwo anali mphunzitsi wa masamu kusekondale, ndipo anapuma ine kutatsala chaka kuti ndipume. Miyezi yoyamba ankangozungulira m'nyumba yathu ya lendi ku Tsholofelo, kukonza zinthu zimene sizinawonongeke. Wailesi anaimasula kawiri. Mkamwini wathu, Mtswana amene anakwatira mwana wathu woyamba, ataona kuti apongozi ake akudwala nako kungokhala, anawauza kuti kumunda kwa makolo ake, kuseri kwa Kumakwane, kuli malo ongokhala, ndipo madzi a pamjigo alipo. Amuna anga anakulira ku Dedza pakhomo pa nkhumba. Sanachedwe kuyankha.

Tinayamba ndi nkhumba zazikazi zitatu. Ziwiri zinali zoyera, zazitali msana, zooneka bwino ngati za pa chithunzi cha m'buku la zaulimi. Yachitatu tinachita kupatsidwa ngati basera ndi munthu amene anatigulitsa zinazo, chifukwa iye ankasamuka ndipo panalibe woifuna. Inali yamawanga akuda, yaifupi miyendo, khutu limodzi long'ambika, ndiponso yolusa. Tsiku loyamba lomwe inandiluma chitenje n'kuchichotsa chibenthu.

Yamphongo tinalibe. Tinkabwereka kwa mkulu wina wa ku Oodi, bambo wachitswana amene mwana wake anaphunzitsidwapo masamu ndi amuna anga. Mphongo yakeyo inali yokalamba kale, yaubweya wokhakhala, yotsimphina mwendo wakumbuyo. Inkabwera, kukhala nafe masabata angapo, n'kubwerera kwawo.

Moyo wathu unasintha ndithu. M'mawa uliwonse tinkanyamuka ku Tsholofelo pa pikapu yathu yakale, tikudutsana ndi anthu othamangira ku maofesi m'tauni, ife tikulowera kutchire. Amuna anga ankasakaniza chakudya, ine n'kumatsuka makola. Masana tinkakhala pansi pa mtengo waminga, tikumwa tiyi wa m'fulasiki. Pa zaka zonse za ukwati wathu, sitinakhalepo limodzi nthawi yaitali chonchi dzuwa lili kunja.

Nkhumba zonse zitatu zinaswa mwezi umodzi. Tiana tinayamwa bwino, tinanenepa, ndipo nthawi itakwana tinatisiyitsa kuyamwa n'kutiika tonse m'khola limodzi lalikulu. Tsiku lachisanu nditalowa ndi tsache, mphuno zanga zinandiuza nkhani maso asanaone. Pansi panali madzi okhaokha otuwa. Tiana tambiri tinali titaunjikana pakona, michira yonyowa, maso atalowa m'kati. Ndinanyamula kamodzi n'kukatsina khungu la pakhosi. Khungulo linangoima osabwerera.

"Bambo, bwerani ndi shuga wa tiyi uja," ndinaitana. "Mcherenso ubwere."

"Mukufuna kuphika chiyani?"

"Ingobwerani nazo."

Ndinasungunula madzi a mchere ndi shuga monga ndinkachitira ku wodi, n'kumatimwetsa kamodzikamodzi ndi sirinji yopanda singano. Dokotala wa ziweto anabwera tsiku lotsatira, natipatsa mankhwala, n'kutiuza kuti ndi tizilombo ta m'matumbo timene timakonda kugwira tiana ta nkhumba tikangosiya bere. Ngakhale tinayesetsa choncho, tisanu tinafa. Amuna anga anakatikwirira kumalire a munda, ndipo tsiku limenelo tiyi anabwerera kunyumba osamwedwa.

Koma pamasiku amene ndinkagwada m'kholamo ndi sirinji, panali chinthu chimene chinkandisowetsa mtendere. Tiana tamawanga, ta nkhumba yolusa ija, tinkandipondaponda miyendo, kundikoka nsapato, kulimbirana chakudya. Tinkadya m'mbiya imodzi ndi todwalato, kumwa madzi amodzi, kugona pamalo amodzi, koma panalibe ndi kamodzi komwe kamene kanatsegula m'mimba. Ndinawauza amuna anga, iwo n'kunena kuti ndi mwayi chabe.

Ulendo wachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi. Apa ndinali wokonzeka, moti tinataya tiwiri tokha. Tamawanga tonse tisanu ndi tinayi tinadutsa osadwala. Ndinayamba kudzitama. Ndinkauza aliyense wondifunsa za kumunda kuti tili ndi nkhumba imene ana ake sadwala, ndipo ndinkanena motsimikiza, ngati munthu wachipatala, kuti mphamvuyo ili mumkaka wa mayi wawo.

Chaka chimenecho amuna anga anatopa nako kubwereka. Anati mphongo ya ku Oodi yakalamba, ana ake amakula pang'onopang'ono, ndipo munthu woweta zenizeni amakhala ndi yake. Anakagula yoyera, yaing'ono msinkhu koma yaikulu thupi, yochokera ku famu ina yaikulu. Ankainyadira kwambiri. Ankaisambitsa ndi payipi masana kukatentha, akuyankhula nayo Chingerezi. Nkhumba zonse zitatu zinatenga bere la mphongo yatsopanoyo.

Zitaswa, tianato titasiya kuyamwa, matenda anabwera monga mwa nthawi zonse. Koma ulendo uno oyamba kugwa anali ana a yamawanga ija. Ndinaima pakhomo la khola tsache lili m'manja, manyazi atandigwira. Mayi ndi yemweyo, mkaka ndi womwewo.

"Mwaona, mayi?" anatero amuna anga, osati monyoza, koma ngati mphunzitsi amene wapeza pamene mwana walakwitsa samu. "Kawiri si umboni. Ndinakuuzani kuti unali mwayi. Imeneyi pa Khirisimasi tidye, yatilumaluma mokwanira."

Ndinangolowa m'kholamo n'kuyamba kusesa.

Kumpingo kwathu, kumene Amalawi ambiri a muno timakumana, kuli mayi wina wachitsikana amene amaphunzitsa za ziweto kusukulu ya ukachenjede. Ndi wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, ndipo amanditchula kuti amayi. Lamlungu lina titaweruka, tikutsuka makapu kukhitchini ya tchalitchi, anandifunsa za nkhumba yotchuka ija. Ndinamufotokozera zonse, ndikudziseka ndekha. Iye sanaseke. Anasiya kapu imene ankapukuta.

"Amayi, maulendo onse atatuwo bambo wa tianato anali mmodzi?"

"Ayi. Awiri oyamba inali mphongo yobwereka. Ulendo uno ndi yathu."

"Musaiphe kaye nkhumbayo. Ndibwera Loweruka."

Anabweradi, atavala majombo, atanyamula kabokosi kozizira ndi kachitsulo kooneka ngati pulayazi. Nkhumba iliyonse yaikulu anaidula kachibenthu kakang'ono ka khutu, kochepa ngati njere ya mapira, n'kukaika m'kabotolo kakekake. Anatenganso chimbudzi cha tiana todwala. Yamawanga inamuthamangitsa mpaka anakwera pakhoma, ndipo tinaigwira titaikola chingwe kukamwa.

Tili pansi pa mtengo waminga uja, amuna anga anamufunsa kuti khutu likukhudzana bwanji ndi m'mimba.

"Ndikufuna ndione majini ake, adadi," anayankha.

"Majini? Nkhumba yanga ili ndi ziwanda?"

Mayiyo anaseka mpaka tiyi kumutsamwa. Anati sakunena majini a mizimu, koma timalangizo ta chibadwa timene chamoyo chilichonse chimatenga kwa makolo ake. Kenako anawerama n'kuyamba kutola tinjere ta chisoso timene tinamatirira pa sokosi za amuna anga.

"Taonani. Tonse tadutsa m'tchire limodzi. Sokosi zanu zadzaza chisoso, majombo anga alibe ndi kamodzi komwe. Kachilombo kamene ndikukaganizira kamachita ngati chisoso. Kali ndi timinga togwirira. Kuti kadwalitse, kayenera kumatirira kaye kukhoma la matumbo. Nkhumba zambiri matumbo ake ali ngati sokosi. Koma pali zina zimene zimabadwa zopanda pogwira. Kachilomboko kamalowa ndi chakudya, kusowa pomatirira, n'kutuluka."

"Nanga bwanji ana a yomweyi adwala ulendo uno?" ndinafunsa.

"Chifukwa kamwana kamafunika kutenga zimenezi mbali zonse ziwiri, kwa mayi ndi kwa bambo. Kakangotenga pogwira kuchokera kwa kholo limodzi, basi, kadwala."

Ndinadzimenya pantchafu. Zaka zonse zija ndinkafotokozera makolo a ana odwala matenda a magazi otengera kumtundu kuti mwana amatenga kwa bambo ndi kwa mayi omwe, kuti asamaloze chala mkazi yekha. Ine yemweyo, nditafika pa nkhumba, ndinaiwala kuti ana ali ndi bambo.

Mayiyo anatichenjeza kuti pakadali pano akungoganiza, zenizeni zidziwika ku labotale, ndipo zitenga masabata. Anati koma popanda khutu la mphongo ya ku Oodi, nkhani ikhala yoduka mutu. Popeza iye ankapita ku msonkhano kunja kwa tauni, anandiphunzitsa kagwiritsidwe ka kachitsulo kaja n'kundisiyira kabotolo kamodzi.

Tinapita ku Oodi Lachitatu. Titadutsa pamene amayi amaluka nsalu, tinakhotera kanjira kamchenga kopita kwa mkulu uja. Pabwalo pake panali mulu wa nkhuni zazikulu, miphika yamiyendo itatu itayalidwa padzuwa, ndipo amayi ena ankazira khoma. Mwini wake anali pampando pansi pa mthunzi, chipewa chili pabondo.

"Dumela, rra," ndinapereka moni. Chitswana changa ndi cha m'chipatala, chodziwa kufunsa pamene pakupweteka, koma chimandifikitsa. Cha amuna anga chinathera pa moni, chifukwa masamu ankaphunzitsa m'Chingerezi.

Mkuluyo anatilandira bwino, natiuza kuti Loweruka mdzukulu wake akukwatiwa. Ng'ombe ilipo kale, koma anthu achuluka, ndiye mphongo yokalamba ija iphedwa Lachisanu kuti iwonjezere ndiwo. Anati ntchito yake yatha, ngakhale ife amene tinkaibwereka tinaisiya.

Ndinawamasulira amuna anga. Tinayang'anana. Zotsatira za ku labotale zinali kutali, ndipo nkhumba inali ndi masiku awiri.

"Bambo," ndinatero m'Chichewa, "kukhola tili ndi nkhumba zofula ziwiri zonenepa. Timupatse imodzi, ife titenge iyi."

"Kusinthanitsa nyama yabwino ndi mafupa? Pa nkhani yongoganizira?"

"Inde."

"Ikapezeka kuti ndi nkhumba wamba?"

"Mudzandiseka mpaka ndidzafe. Ndavomera."

Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Ndimawadziwa akatero.

"Muuzeni," anatero.

Nditamufotokozera mkuluyo, anaitana mkazi wake kuti adzamve yekha zimene Amalawi akunena. Mayiyo anaomba m'manja. Anati iye wakhala akudandaula sabata yonse kuti nyama ya mphongo yokalamba imanunkha, ichititsa manyazi pamaso pa apongozi. Mkuluyo anandifunsa kawiri ngati ndamvetsa kuti nkhumbayo ndi yotsimphina. Nditayesa kufotokoza za matumbo opanda pogwira, Chitswana chinandithera panjira, ndipo ndinangomaliza ndi manja. Iye anagwedeza mutu n'kunena kuti chimene akudziwa n'chakuti mphongoyo anaitenga ili yaing'ono kwa mlamu wake, ndipo pakhomo pa mlamu wakeyo sanamvepo kuti tiana tafa ndi m'mimba.

Tsiku lotsatira tinabweretsa yofula ija. Kukweza mphongo yokalamba m'pikapu inali ntchito. Inakana kuyenda, inakhala pansi, inalira mudzi wonse kumva. Mkuluyo anatenga ndowa n'kuiveka kumutu. Nkhumba ikavekedwa ndowa imabwerera m'mbuyo pofuna kuvula, ndiye iye anangoigwira mchira n'kuiwongolera chafutambuyo pa thabwa mpaka m'galimoto. Amuna anga, ndi ukatswiri wawo wonse wa ku Dedza, anavomera kuti zimenezi sanazionepo.

"Ke a leboga, rra," ndinathokoza.

Anandiyankha kuti wothokoza ndi iyeyo, ndipo Loweruka tisalephere kubwera kudzadya nkhumba yathu.

Kuchoka ku Oodi kupita ku Kumakwane umadutsa m'tauni. Inali nthawi yoweruka. Pa maloboti alionse mphongoyo inkatulutsa mphuno pakati pa zitsulo n'kufwenthera magalimoto oyandikana nafe. Ana a sukulu m'minibasi ankailoza akukuwa. Mayi wina wovala suti anakweza galasi la galimoto yake mofulumira. Amuna anga ankangoyang'ana kutsogolo, manja onse pachiwongolero, ngati sakudziwa chimene anyamula. Ine ndinaseka mpaka misozi.

Ku ukwati tinapita, ndipo nyama inakoma.

Zotsatira zinabwera patatha masabata asanu. Mayi wophunzitsa za ziweto uja sanafune kunena pafoni. Anabwera yekha kunyumba ku Tsholofelo madzulo a Lachisanu, nayala pepala patebulo. Kachilombo kanali komwe ankakaganizira. Yamawanga inalibe pogwira mbali zonse ziwiri. Mphongo yokalamba chimodzimodzi. Zoyera ziwiri zija, pamodzi ndi mphongo yatsopano ya amuna anga, zinali ndi pogwira mbali zonse.

Amuna anga anatenga pepalalo ndi pensulo, n'kujambula kabokosi ka zipinda zinayi kumbuyo kwake. Anaika zilembo m'mbali, kuwerengera ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu. Zonse zinagwirizana. Nkhope yawo inawala ngati mmene inkachitira mwana wa m'kalasi akapeza yekha yankho.

"Ndiye si mwayi," anatero. "Ndi samu."

"Koma ndikuchenjezeni," anatero mayiyo. "Zimenezi zikuteteza ku mtundu umodzi wokha wa kachilombo. Pali tizilombo tina tambiri. Tsache musalitaye, amayi. Ndiponso musadzalole mphongoyi kukwera ana ake omwe."

Yamawanga inapulumuka pa Khirisimasi. Tinaiphatikiza ndi mphongo yokalamba, ndipo patapita miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, monga mmene nkhumba zimachitira, inaswa tiana khumi. Kamodzi inakagonera tsiku lachiwiri, n'kufa. Totsala tinakula, tinasiya kuyamwa, ndipo masiku khumi otsatirawo ndinkalowa m'khola m'mawa uliwonse n'kumatukula michira kamodzikamodzi. Yonse inali youma. M'khola loyandikana nalo ana a zoyera zija anadwala monga kale, ndipo sirinji inagwira ntchito yake.

Sikuti mavuto anatha. M'nyengo yozizira ya chaka chotsatira tiana titatu tamawanga tinafa ndi chifuwa, chifukwa tinachedwa kutchinga mphepo ndi masaka. Tamawangato timakulanso mochedwa poyerekeza ndi toyera, ndipo ogula ena amatinyoza maonekedwe. Amuna anga mphongo yawo yoyera sanaigulitse. Tinasunga tiana takazi tinayi ta yamawanga, ndipo titakula tinatiphatikiza ndi yoyerayo. Ana onse obadwa pamenepo amatha kudwala, koma aliyense amasunga mbali imodzi yabwino. Amuna anga akuti akadzaphatikiza bwino mibadwo iwiri kapena itatu, adzapeza nkhumba yaitali msana, yokula msanga, yopanda pogwira. Ali ndi kope lodzaza timabokosi, ndipo mayi uja amabwera miyezi ingapo iliyonse ndi ophunzira ake kudzadula makutu. Ophunzirawo amachita mantha ndi yamawanga, ndipo sindiwaimba mlandu.

Mphongo yokalamba inakhala nafe zaka ziwiri. Mkulu wa ku Oodi anabwera kudzaiona katatu, atakwera minibasi ziwiri n'kuyenda wapansi kuchokera pamsewu. Ankaima pakhoma la khola n'kumaikanda kumsana ndi ndodo yake, akuiuza nkhani za kwawo m'Chitswana. Akatero ankakhala ndi amuna anga pansi pa mtengo. Mmodzi Chingerezi chake ndi chochepa, winayo Chitswana alibe, koma ankatha maola awiri akuloza nkhumba, kugwedeza mitu, kuseka. Nkhumbayo inafa yokha, masana ena otentha, itagona m'matope ake. Tinamuimbira foni mkuluyo, ndipo iye anati yafa imfa yabwino kuposa imene anaikonzera.

Masiku ano alimi ena a ku Kumakwane amabwera kudzafunsa ngati tingawagulitse kamphongo kamawanga. Amuna anga ndi amene amawalandira. Amawatengera kukhola, kutsegula kope lawo, n'kufotokoza m'Chingerezi chakusukulu mmene anatulukira kuti tiana tina sitidwala. Amayamba ndi mawu akuti, "Nditaona kachiwiri, ndinadziwa kuti pali chifukwa." Ine ndimakhala ndili pa ndowa yovundikira chapafupi, ndikusankha tomato wa m'dimba lathu, ndipo sindiwadula mawu. Alendo akapita, amabwera kudzakhala pambali panga n'kundifunsa ngati afotokoza bwino. Ndimawauza kuti afotokoza bwino kwambiri, asambe m'manja tidye.